Kulemba za mvula ndi chilala: ntchito yodzipereka imene Asilamu a ku Nancholi angathe kuigwira

Bismillahir Rahmanir Rahim. Kuyamikidwa konse nkwa Allah, Mwini kugwetsa mvula pamene wafuna ndi kuimana pamene wafuna. Madalitso ndi mtendere zipite kwa Mtumiki wake Muhammad, akubanja kwake ndi maswahaba ake onse.

Abale ndi alongo m'Chisilamu, m'zaka ziwiri zotsatizana mzinda wa Blantyre unaona mbali zonse ziwiri za mayesero a madzi. M'mwezi wa Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa mvula ya mvumbi kwa masiku angapo, matope ndi miyala zinatsetsereka kuchokera m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe ndi madera oyandikana nawo, ndipo m'dziko lonse anthu oposa 1,000 anataya miyoyo. Chaka chotsatira mvula inadula chimanga chili m'munda, ndipo pa 23 Malichi 2024 Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino ali pa ngozi chifukwa cha ng'amba imene inadza ndi El Niño. Nancholi, Manase, Baluti ndi Chilobwe ndi madera oyandikana. Aliyense wa kuno ali ndi nkhani yake ya zaka ziwirizi.

Koma tikafunsana kuti kodi pa Nancholi penipeni panagwa mvula yochuluka bwanji sabata ya Freddy ija, kapena chitsime chakuti chinaphwa tsiku liti mu 2024, mayankho amasiyana. Wina akuti chinaphwa Ramadhan isanayambe, wina akuti pambuyo pa Eid. Mtima umakumbukira ululu, koma masiku ndi manambala umataya. Nkhani ino ikufotokoza za ntchito ya anthu odzipereka amene amayeza mvula ndi kulemba mmene mvulayo, kapena kusowa kwake, ikukhudzira mitsinje, zitsime, mitengo, mbewu ndi zamoyo zina m'dera lawo: mmene imayendera, ubwino wake, ndi malo ake m'chipembedzo chathu.

Boma limayeza kale, nanga ife tiyezerenji?

Nthambi ya boma yoona za nyengo ndi kusintha kwa nyengo, imene likulu lake lili mu Blantyre momuno, ili ndi malo akuluakulu oyezera nyengo monga ku Chichiri ndi ku Chileka. Imalengeza mmene nyengo ikhalire tsiku ndi tsiku, imatulutsa lipoti la mvula masiku khumi alionse m'nyengo ya dzinja, ndipo dzinja lisanayambe imanena mmene mvula ya chaka chimenecho ikuyembekezeka kugwera. Kupatula malo akuluakuluwa, nthambiyi yakhala ikudalira kwa zaka zambiri anthu a m'masukulu, m'maesiteti ndi m'maofesi a zaulimi amene amawerenga choyezera mvula m'mawa uliwonse n'kutumiza nambala.

Vuto ndi loti mvula ya Blantyre siigwa mofanana. Mzindawu uli pakati pa mapiri: Ndirande, Soche, Michiru, Bangwe ndi Mpingwe. Nthawi zambiri ku Limbe kumatha kugwa chimvula pamene ku Chilomoni fumbi likuuluka. Chileka ili kumunsi ndipo imalandira mvula yochepa poyerekeza ndi Chichiri. Choncho nambala ya ku Chichiri siingatiuze zonse za Nancholi.

Chachiwiri, choyezera chimangonena kuchuluka kwa madzi amene agwa. Sichinena zimene madziwo achita atafika pansi. Mvula ya mamilimita 40 yogwa pang'onopang'ono usiku wonse imalowa m'nthaka ndipo mbewu zimapindula. Mvula yomweyo ikagwa m'mphindi 30 pa malo otsetsereka opanda mitengo, imakokolola nthaka, kudzaza ngalande ndi kusefukiza zimbudzi. Pepala lidzaonetsa nambala imodzi, koma zotsatira zake n'zosiyana. Kusiyana kumeneku kumaoneka ndi munthu wokhala pamalopo.

Ntchitoyi siyachilendo

Ku Britain, George James Symons anayamba kusonkhanitsa manambala a mvula ochokera kwa anthu wamba cha m'ma 1860, ndipo zolemba zawozo akatswiri akuzigwiritsabe ntchito mpaka lero. Ku America, mzinda wa Fort Collins m'chigawo cha Colorado unasefukira mu Julayi 1997, ndipo zinadziwika pambuyo pake kuti mbali imodzi ya mzindawo inalandira mvula yoopsa pamene mbali zina zapafupi zinalandira yochepa. Chaka chotsatira, 1998, kunayambika gulu la odzipereka lotchedwa CoCoRaHS, limene mamembala ake amayeza mvula pakhomo pawo m'mawa uliwonse. Patapita zaka gululi linaonjezera gawo lina: membala amalemba mwachidule mmene udzu, mitengo, mitsinje, mbalame ndi ziweto zikuonekera, n'kusankha pa muyeso wa masitepe asanu ndi awiri, kuchokera pa kuuma kwambiri kufika pa kunyowa kwambiri. Akatswiri oona za chilala amawerenga malipoti amenewa.

Kuno kwathu, mu 2016 nthambi ya zanyengo inatsegula gulu la pa WhatsApp lotchedwa Weather Chasers, limene imatumizirako machenjezo ndipo mamembala amanena zimene akuona kumene ali. M'maboma amene madzi amasefukira kawirikawiri, anthu odzipereka a Malawi Red Cross Society ndi a makomiti oona za ngozi zogwa mwadzidzidzi amawerenga mitengo yoyezera madzi imene inazikidwa m'mitsinje, n'kuchenjeza a kumunsi kwa mtsinje madzi asanawafike.

Nafenso Asilamu tili ndi mbiri pa nkhaniyi. Pa chilumba cha Roda mu mzinda wa Cairo pali choyezera madzi a mtsinje wa Nile chimene chinamangidwa m'chaka cha 861 mu ulamuliro wa Khalifa Al-Mutawakkil, ndipo chilipo mpaka lero. Anthu osankhidwa ankawerenga msinkhu wa madzi chaka ndi chaka, ndipo olamulira ankadziwiratu ngati kukubwera zokolola zambiri kapena njala, n'kukonza msonkho molingana ndi zimenezo.

Zimene mvula ndi chilala zimachita m'dera ngati lathu

Kuti munthu adziwe choti alembe, ayambe wamvetsa ulendo wa madzi. Phiri lokhala ndi mitengo limamwa madzi. Masamba amachepetsa mphamvu ya madontho, zinyalala za pansi zimachedwetsa madzi, mizu imatsegula njira zoti alowere. Madzi olowa pansiwo ndi amene amatuluka pang'onopang'ono m'akasupe, m'zitsime ndi m'timitsinje m'miyezi ya Ogasiti, Sepitembala ndi Okutobala. Mitengo ikatha, malo n'kudzaza malata, misewu ndi mabwalo olimba, madzi amathamanga onse tsiku limodzi. N'chifukwa chake dera limodzi lomwelo limasefukira mu Janyuwale, n'kusowa madzi mu Sepitembala.

Akuluakulu athu akukumbukira phiri la Ndirande lili ndi nkhalango, isanathe m'zaka za m'ma 1990. Nyumba zakwera m'phiri la Soche, ndipo nkhalango ya Michiru ili pa mpanipani chifukwa cha makala ndi nkhuni. Mitsinje ya Nasolo ndi Naperi imathira mu Mudi, ndipo Mudi amatsika kudutsa cha ku Manase atanyamula zonse zimene mzinda wataya. M'chilimwe madzi akachepa, zonyansazo sizisungunuka mokwanira: madzi amada, amanunkha, ndere zimachuluka, nkhanu ndi achule zimasowa. Komabe amayi amachapa momwemo ndipo ena amathirira madimba ndi madzi omwewo. M'dzinja vuto limatembenuka: zimbudzi zokumba zimadzaza, madzi ake n'kulowa m'zitsime zosatetezedwa. Mliri wa kolera umene unayamba mu Malichi 2022 n'kupitirira mu 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo mu Janyuwale 2023 sukulu za m'mizinda ya Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha mliriwo.

Ngakhale madzi a pampopi amadalira mvula. Ambiri mwa madzi a Blantyre Water Board amachokera ku Walker's Ferry pa mtsinje wa Shire, ndipo amapopedwa ndi magetsi kukwera mtunda wautali. Magetsi ambiri a dziko lino amapangidwa pa Shire yemweyo, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Namondwe wa Ana ataononga Kapichira mu Janyuwale 2022, dziko lonse linamva kuwawa kwake. Matope amene amachoka m'minda ndi m'mapiri opanda mitengo amakathera mu mtsinje womwewo.

Abale athu a ku Zomba, Machinga ndi Phalombe amadziwa za nyanja ya Chilwa, imene inauma mu 1968 ndi mu 1995, n'kuphwanso kwambiri mu 2018. Nyanja siuma tsiku limodzi. Imayamba ndi mitsinje yothira m'menemo kuchepa, madoko kutalikira, matemba kusowa. Asodzi amaziona zimenezi miyezi yambiri nkhani isanafike pa wailesi.

Kayezedwe ka mvula

Mvula imayezedwa m'mamilimita. Milimita imodzi ndi lita imodzi ya madzi pa malo otalika mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi. Choncho denga la mzikiti la mamita 10 m'litali ndi mamita 5 m'lifupi, mvula ya mamilimita 20 ikagwa, limalandira malita 1,000, omwe ndi zigubu 50 za malita 20. Komiti imene ikuganiza zogula thanki yokololera madzi a wudhu ingadziwe kukula kwake ngati ili ndi manambala a chaka chimodzi kapena ziwiri.

Choyezera chenicheni chogula n'chabwino koposa. Ngati palibe, chitini chimene kukamwa kwake n'kofanana kukula ndi pansi pake, ndipo pansi pake n'pafulati, chingagwire ntchito: kuya kwa madzi m'chitinimo, mukayeza ndi rula, ndiko kuchuluka kwa mvula. Ndowa yotambalala kukamwa siyoyenera chifukwa imachulukitsa nambala. Chiikeni pa bwalo, chitakhazikika mowongoka, kutali ndi denga, mpanda kapena mtengo. Ngati mtengo ndi wotalika mamita 5, choyezera chikhale mamita 10 kapena kuposerapo kuchokera pa mtengowo. Chitetezeni kwa mbuzi ndi ana osewera.

Werengani nthawi imodzi tsiku lililonse, 8 koloko m'mawa, yomwe ndi nthawi imene a zanyengo amawerengera, kuti manambala anu athe kuyerekezedwa ndi awo. Lembani tsiku ndi nambala m'kope, khuthulani madziwo, bwezerani chitini pamalo pake. Tsiku limene sikunagwe mvula lembani 0. Ambiri amanyozera zimenezi, koma ng'amba imadziwika powerenga ma 0 otsatizana. Tsiku limene simunayeze, lembani kuti simunayeze. Musaike nambala yongoganizira.

Kulemba zimene maso aona

Kamodzi pa sabata, mwachitsanzo Lachisanu pambuyo pa Jumu'ah, yendani malo omwewo atatu kapena anayi: pa mlatho kapena powolokera mtsinje, pa chitsime kapena mjigo, pa munda kapena dimba, ndi pa malo otsetsereka amene mumawakayikira. Kubwerera malo omwewo ndi kumene kumapatsa lipoti mphamvu, chifukwa kusintha kumaoneka.

Pa mtsinje sankhani mwala kapena chipilala cha mlatho chokhala chizindikiro, ndipo lembani ngati madzi ali pamwamba kapena pansi pake, mtundu wake ndi fungo lake. Msilamu aliyense anaphunzira ku madrassah kuti madzi a twahara amaonedwa mtundu, fungo ndi kakomedwe. Luso lomwelo ligwire ntchito pano, kupatula kulawa: madzi a mumtsinje musawalawe. Pa chitsime lembani kutalika kwa chingwe chimene chikufika pa madzi. Pa mjigo lembani kuti mukupopa kangati madzi asanatuluke, ndiponso ngati akudukiza masana. Apa amayi ndi atsikana ndi amene amadziwa zambiri, ndipo gulu lopanda iwo lidzalemba zoperewera.

M'munda onani ngati masamba a chimanga akupiringizika m'mawa kapena masana okha, ngati ng'amba yapeza chimanga chikumasula, ndiponso ngati mwalowa mbozi za ntchemberezandonda. Lembani tsiku limene mvula ya chizimalupsa yagwa, tsiku limene ngumbi zatuluka koyamba, pamene achule ayamba kulira, pamene mango achita maluwa, pamene bowa ndi masuku zafika pa msika, ndi pamene udzudzu wachuluka. Makolo athu ankawerenga zizindikiro zimenezi. Zikalembedwa ndi masiku ake kwa zaka zingapo pambali pa manambala a mvula, tidzadziwa zimene zikugwirabe ntchito ndi zimene zasintha.

Lipoti labwino ndi lalifupi ndipo limanena malo, tsiku ndi chimene chaoneka. Mwachitsanzo: "Sabata ino mvula mamilimita 6, masiku asanu opanda mvula. Madzi pa mlatho atsika chikhatho chimodzi pansi pa chizindikiro, ndi obiriwira. Chingwe cha pachitsime taonjezera mkono umodzi. Chimanga chikufota pofika 10 koloko. Kuuma: kwapakatikati." Lipoti lotere limathandiza kuposa kungonena kuti zinthu zavuta. Ngati muli ndi foni yojambula, jambulani mutaima pamalo amodzimodzi sabata iliyonse.

Pali zina zosayenera kudikira Lachisanu. Mvula ikagwa masiku angapo osaleka, ndipo mukuona ming'alu yatsopano m'nthaka kapena m'makoma, mitengo ndi mapolo zikupendama, madzi akutumphuka pamene sipanakhalepo kasupe, kapena mtsinje waphwa mwadzidzidzi mvula ikugwabe, zimenezo ndi zizindikiro zoti nthaka ingagumuke, chimene makolo ankachitcha napolo. Chokani, dziwitsani anansi, mfumu ndi a komiti yoona za ngozi nthawi yomweyo. Munthu asapite kukayeza kapena kukajambula mtsinje wosefukira, ndipo ana asatumidwe kumeneko. Moyo ndi amaanah yoposa kope.

Malipotiwa apite kuti?

Kope likhale pa mzikiti kapena pa madrassah, ndipo anthu awiri kapena atatu azisinthana kuti wina akadwala kapena kuchoka ntchito isaime. Mzikiti uli ndi mwayi umene malo ambiri alibe: umatsegulidwa tsiku lililonse chaka chonse, ndipo muadhin kapena mwalimu amakhala pafupi. Kumapeto kwa mwezi lembani chidule pa bolodi, ndipo perekani kwa amene angachitepo kanthu: mlangizi wa zaumoyo pa nkhani ya zitsime, mlangizi wa zaulimi pa nkhani ya mbozi ndi ng'amba, mfumu ndi khansala pa nkhani ya ngalande, milatho ndi zigumukire. Ngati jamaa ikufuna kuti manambala ake azilowa m'kaundula wa boma, ipite ku nthambi ya zanyengo kukafunsa za choyezera chovomerezeka ndi kaikidwe kake.

Phindu loyamba ndi la ife eni. Komiti ya zakaat ndi sadaqah imene ili ndi malipoti a Janyuwale ndi Febuluwale imadziwiratu mabanja amene sadzakolola, ndipo imakonzekera njala isanafike pakhomo. Achinyamata odzala mitengo amadziwa malo amene nthaka ikuchoka kwambiri, oyenera nsungwi, vetiva, mkuyu kapena katope. Ndipo dera likamapempha mjigo kapena kukonzedwa kwa ngalande, kope la zaka ziwiri limayankhula momveka kuposa madandaulo a pakamwa.

Kodi izi sizikulowerera zobisika za Allah?

Ena amafunsa funsoli ndi mtima wabwino, ndipo liyenera kuyankhidwa. Chikhulupiriro chathu n'choti wogwetsa mvula ndi Allah yekha, ndipo kudziwa kotheratu za nthawi ndi malo ake kuli kwa Iye. Mtumiki (Swalla Allahu alaihi wasallam) analetsa kukhulupirira kuti nyenyezi yakuti ndiyo yabweretsa mvula. Koma kuyeza mvula imene yagwa kale ndi kuwerenga mtendere umene Allah wapereka, ngati mmene mlimi amawerengera matumba a chimanga. Ngakhale ulosi wa zanyengo ndi kuyerekeza kochokera pa zizindikiro zimene Allah anaika m'chilengedwe. Ukhoza kulondola, ukhoza kuphonya, ndipo Msilamu amaumva akunena kuti Insha Allah.

Shariah yeniyeni imafuna kuti tizidziwa za madzi. Zakaat ya mbewu zothiriridwa ndi mvula ndi gawo limodzi mwa magawo 10, pamene ya mbewu zothiriridwa movutikira ndi gawo limodzi mwa magawo 20. Swalatul Istisqaa imapempheredwa anthu akaona kuti mvula yachedwa kapena yadula. Nkhani ya Mneneri Yusuf (alaihi salaam) ikutiphunzitsa kusunga chakudya m'zaka za zokolola pokonzekera zaka za chilala. M'chaka cha 18 Hijri, chilala chitagwa ku Madina ndi madera ozungulira, Khalifa Umar bin Khattab (radhiya Allahu anhu) anatsogolera anthu kupempha mvula, komanso analembera akazembe ake kuti atumize chakudya, ndipo anaika anthu owerenga ndi kudyetsa amene anathawira mumzindawo. Dua ndi kuwerenga zinayendera limodzi.

Tilinso ndi chizolowezi chimene chingatiphunzitse. Pa 29 Sha'baan ndi pa 29 Ramadhan anthu amatuluka kukayang'ana mwezi, ndipo wouona amapereka umboni kwa masheikh. Umboniwo umalandiridwa kwa munthu wokhulupirika, wonena zimene waona yekha, malo ake ndi nthawi yake. Lipoti la mvula lifunika khalidwe lomwelo. Kukokomeza kuti chithandizo chibwere ndi bodza. Kutumiza pa WhatsApp chithunzi cha chaka china kapena cha dziko lina ngati cha lero ndi bodzanso, ndipo kumachititsa anthu kunyozera chenjezo loona likadzabwera. Qur'an yolemekezeka ikutilamula kufufuza nkhani tisanaifalitse.

Ntchitoyi siifuna ndalama zambiri: kope, cholembera, rula, chitini, ndi mphindi zisanu m'mawa uliwonse. Chovuta chake ndi kupitiriza, makamaka m'miyezi imene palibe chochititsa chidwi ndipo mukungolemba 0. Koma ntchito imene Allah amaikonda kwambiri ndi yopitirira ngakhale ikhale yochepa, ndipo madzi a mumtsinje sasankha kuti uyu ndi Msilamu, uyu ndi Mkhristu; chenjezo lochokera pa mzikiti lingapulumutse mudzi wonse. Jamaa imene iyambe mwezi wa Okutobala, mvula isanagwe, idzakhala ndi dzinja lathunthu m'kope pofika Epulo.

Tikupempha Allah atipatse mvula ya madalitso, yopindulitsa, yosaononga, awachitire chifundo abale athu amene anatisiya pa ngozi za madzi, ndipo atipange kukhala osamalira nthaka imene anatisungitsa. Ameen. Allah ndiye Mwini kudziwa koposa.